Zotsatira za funso langa lokhudza zithunzi za X-ray za magulu a milalang'amba

Ndikuthokoza nonse amene munayankha funso langa lija, lakuti n'chifukwa chiyani zithunzi za X-ray za magulu a milalang'amba akutali zimangoonetsa chinthu chonga chifunga m'malo mwa milalang'amba yeniyeniyo.

Ndinatsatira malangizo akuti ndiyerekezere zithunzi ziwiri za gulu limodzi, china cha kuwala wamba, china cha X-ray chojambulidwa ndi Chandra, makina oonera zakuthambo amene bungwe la ku America lofufuza zakuthambo la NASA linatumiza m'mlengalenga mu 1999. Ndinasankha gulu lotchedwa Bullet Cluster, ndipo nkhani yonse inamveka bwino. Chifunga chija ndi mpweya umene uli pakati pa milalang'amba, umene mphamvu yokoka imaukokera pakati pa gululo n'kuutenthetsa kufika madigiri mamiliyoni ambirimbiri, mwakuti umatulutsa cheza cha X-ray. Mpweyawu ndi wolemera kuposa nyenyezi zonse za m'gululo kuziphatikiza pamodzi.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti pachithunzipo pakuoneka magulu awiri amene anawombana. Milalang'amba inangodutsana n'kupitirira, koma mpweya wa mbali ziwirizo unagundana n'kutsalira m'mbuyo, ndipo mbali ina inasongoka ngati mutu wa chipolopolo. Umu ndi mmene magulu aakulu amapangikira, ang'onoang'ono akamaphatikizana.

Kwa amene akufuna kuyesa, zithunzi za Chandra zimapezeka kwaulere pa intaneti, ndipo pulogalamu ya SAOImage DS9 imazitsegula. Dziwaninso kuti mitundu ya pazithunzizo amachita kuikamo akatswiri, choncho muyambe mwawerenga kuti mtundu uliwonse ukuimira chiyani musanayambe kumasulira zimene mukuona.