Pampu ikungozima madzulo, thanki silikudzaza

Woyang'anira madzi: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tili ndi chitsime chakuya chothirira mudzi, pampu yomira ya 5.5 kW, ma phase atatu (mawaya atatu amoto: L1, L2 ndi L3), 400 V. Chikwangwani cha mota chikuti 13 A. Pampu yapachikidwa pa mamita 70, nthambo ndi ya 4 mm², yonse pamodzi mamita 140 kuchokera pa bokosi la magetsi. Imapopa malita 8,000 pa ola kupita mu thanki la malita 30,000, ndipo mudzi umamwa pafupifupi malita 60,000 pa tsiku. M'mawa ndi masana imayenda bwinobwino. Ikangokwana 6 koloko madzulo overload (chotetezera mota chomwe chimadula magetsi ma amp akachuluka) imagwa, tikaibwezera imayenda mphindi zowerengeka n'kugwanso. Thanki likuuma, ndipo mipopi ya kumtunda ikutulutsa mphepo yokha ngakhale madzi atabwerera. Komiti ikuti tizule pampu. Ena akuti tingokweza overload ifike 18 A.

Wa magetsi: Overload ija musaikhudze, achimwene. Ikugwira ntchito yake. Mukaikweza pampu siizimanso, koma mota idzapsa ili pansi pa chitsime. Kuzula pampu nakonso kudikire. Vuto lodziwa nthawi chonchi kawirikawiri limakhala kumagetsi, chifukwa mchenga kapena bearing yotha sizisankha ola. Tengani clamp meter yoyezera ma amp ndi multimeter yoyezera ma volt, muyeze pampu ikuyenda, kamodzi 10 koloko m'mawa, kenanso nthawi yomwe imagwayo. Ma volt muyeze pakati pa L1 ndi L2, L2 ndi L3, L3 ndi L1, kenako ma amp a nthambo iliyonse payokha.

Wokumba zitsime: Ndikuvomereza. Oganiza kuti chitsime chikuphwa madzulo adziwenso kuti pampu ikamakoka mphepo ma amp amatsika, sakwera. Overload wamba siigwa ndi zimenezo.

Woyang'anira madzi: Nazi. M'mawa: 401, 398, 396 V, ndipo ma amp 12.9, 12.6, 12.3. Madzulo: 388, 372, 362 V, ma amp 16.8, 13.1, 10.6.

Wa magetsi: Ndiye nkhani yaoneka. Phatikizani ma volt atatu a madzulowo n'kugawa ndi 3, mupeza 374. Yomwe yatalikira kwambiri ndi 388, kusiyana kwake 14. Gawani 14 ndi 374, zikupatsani 3.7 peresenti. Mota ya ma phase atatu imafuna kusiyanaku kusapitirire 1 peresenti. Kukadutsa pamenepo imayenera kuchepetsedwa katundu, ndipo kukafika 5 peresenti siyenera kuyendetsedwa n'komwe. Choipa n'chakuti kusiyana pang'ono kwa ma volt kumabala kusiyana kwa ma amp kokula ka 6 mpaka ka 10. Kwanuko ma amp apakatikati ndi 13.5, nthambo imodzi yakwera ndi 3.3, kutanthauza 24 peresenti. Koyilo ya phase imeneyo ndi yomwe ikuwotcha. Pali kawerengedwe kachidule: chulukitsani peresenti ija ndi iyo yomwe, kenako ndi 2, mupeza m'mene kutentha kwa mota kwakwerera. Apa ndi pafupifupi 27 peresenti. Ndipo madigiri 10 aliwonse owonjezera amadula moyo wa vanishi wa koyilo ndi theka.

Komabe tisanaloze chala kampani ya magetsi, tsimikizirani. Zimitsani, tsekani isolator (switchi yaikulu yodulira magetsi onse) ndi loko, yezani kuti mulibedi moto. Sunthani nthambo zitatu zonse za mota sitepe imodzi mbali imodzimodzi: ya pa L1 ipite pa L2, ya pa L2 pa L3, ya pa L3 pa L1. Mukatero mota imazungulirabe komwe imazungulira. Mukangosinthanitsa ziwiri zokha ibwerera m'mbuyo, madzi adzachepa. Yezaninso madzulo, n'kusunthanso kachiwiri. Ma amp okwera akakakamira pa L yomweyo, vuto lili kumagetsi obwera. Akamatsatira nthambo ya mota, vuto lili mu nthambo, pa joini ya pansi pa madzi, kapena mu mota.

Wokonza mamota: Poti nthambo mudzakhala mwazimasula kale, ikaniponso megger (choyezera ngati magetsi sakuthawa mu nthambo kapena mu koyilo) ya 500 V, nthambo iliyonse ndi earth. Mota yomwe yagwira kale ntchito, ili m'chitsime ndi nthambo yake, ikasonyeza 0.5 megohm kapena kupitirira ndiye kuti ikadali bwino. Ikatsika pansi pa apo, izuleni. Yezaninso ma ohm pakati pa nthambo ziwiriziwiri, atatuwo afanane. Musaiwale kuyang'ana mano a contactor (switchi yoyatsa ndi kuzimitsa mota) ndi zomangira zonse za m'bokosi. Dzino limodzi lopserera limadya ma volt angapo palokha, ndipo mumalidziwa poyeza kutsogolo ndi kumbuyo kwa contactor pampu ikuyenda. Nthambo yanu ya 4 mm² pa mamita 140 ikutaya ma volt osapitirira 14, imeneyo ilibe mlandu. Ikanakhala ya 2.5 mm² tikanakamba zina.

Woyang'anira madzi: Megger yapereka 6 megohm pa nthambo zonse, ma ohm ndi ofanana, contactor ili bwino. Tasuntha kawiri, ma amp okwera sakuchoka pa L1.

Wa mizere ya magetsi: Izi timazipeza kwambiri kumapeto kwa mizere yaitali ya kumidzi. Nyumba zimalumikizidwa imodziimodzi pa zaka zambiri, ndipo wolumikiza amangotenga waya womwe uli pafupi. Mapeto ake nyumba zochuluka zimadzazana pa phase imodzi. Masana sizioneka. Madzulo anthu akayatsa mbaula ndi mababu, phase imeneyo imagwada. Lemberani kampani ya magetsi, muikemo manambala a m'mawa ndi a madzulo a masiku angapo, ndi nambala ya thiransifoma. Pemphani zinthu zodziwika: ayeze katundu wa phase iliyonse pa thiransifoma nthawi ya madzulo, agawe nyumba mofanana, ayang'ane majoini a pa mapolo ndi neutral. Wina akati angokweza tap ya thiransifoma (chosinthira ma volt otuluka), mufotokozereni kuti tap imakweza ma phase onse pamodzi, kusiyana kumatsalabe, ndipo masana magetsi adzakwera mopitirira kwa omwe ali pafupi. Inuyo pa polo musakwerepo, si panu.

Wa magetsi: Podikira, ikani relay (kachipangizo kodula magetsi) yolondera ma phase patsogolo pa koyilo ya contactor. Muitchere kuti izidula kusiyana kukafika 3 peresenti kapena ma volt akatsika pansi pa 360, izidikira masekondi 5 isanadule, ndi mphindi 5 isanalole pampu kuyambanso. Kubwezera overload pafupipafupi kuja kulekeke, mota yotentha ikadzutsidwa mobwerezabwereza imatha msanga.

Mayi wa mapaipi: Bambo, maola opopera nawo asinthe. Malita 60,000 pa malita 8,000 pa ola ndi maola 7 ndi theka. Usiku wokha sizikwanira chifukwa thanki limadzaza pasanathe maola anayi. Ikani timer: ipope kuyambira 1 koloko usiku mpaka kudzaza, ipopenso kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana, float switch (switchi yoyandama mu thanki) ndiyo izizimitsa. Pofika madzulo thanki lili lodzaza, pampu ili chete.

Za mipopi ya kumtunda, imeneyo ndi mphepo yotsekeka. Thanki likauma paipi imadzaza mpweya, madzi akabwerera mpweyawo umakakhala pa nsonga pomwe paipi yakwera n'kutsikanso. Mamita 10 a kutalika amapereka 1 bar yokha, ndiye ngati thanki langokwera pang'ono kuposa nsongayo, mphamvu yokankha mpweya palibe. Tsekani nthambi za kumunsi, tsegulani mpopi womalizira wa kumtunda, kenako tsegulani valavu ya pa thanki pang'onopang'ono, osati kamodzin'kamodzi. Pa nsongapo paikidwe air valve (valavu yotulutsa mpweya), ndi kavalavu kotsekera pansi pake kuti muzitha kuitsuka. Ngati ilipo kale, imasuleni, nthawi zambiri kampira kake kamakhala katamatirira ndi dothi.

Wa zaumoyo: Chimodzi chisaiwalike. Paipi yopanda madzi imayamwa. Joini iliyonse yodontha yomwe yadutsa pafupi ndi chimbudzi, dzenje la suweji kapena chithaphwi imakoka zonyansazo kulowa mkati nthawi yomwe presha yagwa. Musanauze anthu kuti madzi abwerera, tsegulani ma washout (mavalavu otsukira paipi) ndi mipopi ya kumapeto mpaka madzi ayere, kenako yezani klorini ndi mapiritsi a DPD. Potuluka pa thanki akhale 0.5 mg pa lita atakhala mphindi 30, pa mpopi wakutali asachepere 0.2. Mukapeza ziro kumapeto pamene pa thanki pali bwino, yendani nthambi imeneyo wapansi, pali pomwe pakulowa dothi.

Woyang'anira madzi: Zikomo nonse. Timer ndi relay taika, thanki likugona lodzaza. Air valve inalipo, yokwiririka, kampira katamata. Taitsuka ndipo kumtunda madzi afika. Klorini kumapeto ndi 0.1 yokha.

Wa zaumoyo: Sanakwane amenewo. Anthu a nthambi imeneyo aziwiritsa kaye madzi akumwa. Usiku pampu itazima, tsekani nthambi zina zonse, mulembe mzere pa thanki, muone ngati madzi atsika pa ola limodzi. Akatsika anthu ali mtulo, paipi ikudontha, ndipo muyambire pa majoini oyandikira zimbudzi.