Chimbale cha 2018 cha Arctic Monkeys chikundikanganitsa ndi omvera

Chisomo: Anzanga owulutsa mawu, ndithandizeni nzeru. Pa pologalamu yanga ya rock ya Lachisanu usiku tikuyenda ndi gulu loyimba la ku Britain la Arctic Monkeys, chimbale chimodzi sabata iliyonse. Chimbale chawo cha AM cha 2013 anthu anachikonda, mauthenga anali mbwee. Pomaliza ndinangolawitsa nyimbo ziwiri za m'chimbale chotsatira cha 2018, Tranquility Base Hotel & Casino, kuti adziwe zomwe zikubwera. Eee, anandikalipira! Ati gitala wapita kuti, ati nyimbo zogonetsa tulo. Chonsecho olemba ndemanga ku Britain anachitamanda, magazini ya Q inati ndicho chimbale chopambana mu 2018. Abwana akuti ndingochidumpha. Inu mukanatani?

A Mbewe: Achemwali, omvera anuwo sanalakwe, ndipo si oyamba kudandaula. Chitangotuluka mu May 2018, otsatira gululi anagawikana chimodzimodzi. Anadikira zaka zisanu akuyembekezera phokoso la AM, koma woyimba wa gululi, Alex Turner, anapeka nyimbozi pa piyano yomwe anapatsidwa atakwanitsa zaka 30. Komanso gululi silinatulutse nyimbo ngakhale imodzi yoti anthu azolowere chimbale chisanafike. Wolemba ndemanga amakhala pansi n'kumvera chonse kangapo, ndi ntchito yake imeneyo. Womvera wanu akumva kamodzi, kwinaku akutsuka mbale.

Tadala: Ine ndikuti musabisale kumbuyo kwa olemba ndemanga. Mukayamba kuwerenga pa wailesi kuti akuti akadaulo anachikonda, omvera amamva ngati mukuwanena kuti alibe makutu. Inde chinafika pa nambala 1 ku Britain, koma dzina la gululo ndi lomwe linagulitsa. Pa Mercury Prize, mphoto ya chimbale chopambana pa chaka ku Britain ndi Ireland, chinangolowa pamndandanda, mphotoyo inapita kwa gulu la Wolf Alice.

A Mbewe: Zoona a Tadala, koma kudumpha ayi.

Yamikani: Funso langa ndi limodzi, achemwali: musanaike nyimbo ziwirizo munasewera chiyani?

Chisomo: Za AM zomwezo, zothamanga zija. Ndinangolumikiza.

Yamikani: Vuto lagona pamenepo. Mwapatsa munthu tsabola kenako phala, phalalo alimva kukoma bwanji? Nyimbo yofatsa ikatsatira ya magitala olira imamveka ngati makina afooka, ngakhale ikhale yabwino chotani. Chimbalechi abale ake ndi David Bowie wa m'ma 1970 ndi Serge Gainsbourg wa ku France, olemba ambiri anachifanizira ndi amenewo. Yambani ndi nyimbo ziwiri za mtundu umenewo, makutu atsike kaye. Kenako Four Out of Five ya m'chimbalechi, chifukwa ndi yomwe ili ndi kolasi yoti munthu n'kuigwira msanga. Zinazo zisungireni theka lomaliza la ola, anthu atafatsa.

China, chimbalechi mphamvu yake ili m'mawu, ndipo Turner amayimba ngati akungocheza, Chingerezi chake chokhotakhota. Omvera ambiri sangatsatire pongomva kamodzi. Afotokozereni m'Chichewa mwachidule: akuyerekeza hotela ndi nyumba ya juga yomangidwa pa mwezi, pamalo pomwe chombo cha Apollo 11 chinatera mu 1969, ndipo akuseka moyo wathu wa mafoni ndi malonda. Munthu akadziwa zimenezi amamvera mosiyana.

Tadala: Apo ndavomera. Ndiwonjezere: mauthenga okalipa aja musawataye. Awerengeni pa mphepo, awiri kapena atatu, kenako munene maganizo anu inuyo, osati a Q. Anthu amakonda kumva kuti mkangano wawo wafika mu situdiyo, ndipo amene anachikonda mwakachetechete nawonso alemba.

Chisomo: Nanga abwana ndiwauze chiyani? Iwo akuopa kuti anthu asintha siteshoni.

A Mbewe: Auzeni kuti chotsatira ndi The Car ya 2022, yomwe inapitirira njira yomweyo, mpaka kuwonjezera mavayolini. Mukadumpha cha 2018, sabata inayo mudzagwa m'dzenje lomweli popanda chofotokozera. Pokhapokha ngati akufuna mndandanda wonse uthere pa AM.

Chisomo: Chabwino. Ndiyamba ndi Bowie, ndifotokoza za hotela ya pa mwezi, mauthenga ndiwerenga pakati. A Yamikani, munditumizire mayina a nyimbo za Gainsbourg zoti n'kuseweredwa pa wailesi, paja zina mawu ake ndi olaula.

Yamikani: Ndikutumizirani madzulo ano, ndizimvere kaye ndekha.