Kodi loya amaloledwa pa nkhani ya chipepeso cha kuvulala pa ntchito?

Mnyamata wa ku Dedza:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndimagwila ntchito pa fakitale ina kuno ku City Deep ku Joni, South Africa, mwezi wa February makina anandidula chala chamkombaphala cha dzanja lamanja. Fomu ya chipepeso abwana anatumiza ndithu, kalata yabwela akuti kulumala kwanga ndi 10%, koma zala zinazi zinauma sizipinda, ngakhale kutema nsima ndikutemela lamanzele. Nditanena kuti ndikufuna kukadandaula abwana akuti kumeneko loya salowa, ukangoima wekha, ndiye chizungu changa ndi chongopemphela madzi. Kodi ndi zoona zimenezi?

Achimwene a ku Rosettenville:
Pepani kwambili achimwene, koma abwana anuwo akunamizani. Lamulo lake la chipepeso cha ovulala pa ntchito ndi COIDA la 1993, limalola kuti pa hearing, pomwe amamva dandaulo lanu, mubwele ndi loya, ngakhale munthu wa yuniyoni, omva nkhaniyo akamuvomeleza, amatha kukulankhulilani. Chomwe simungachite nkusumila abwanawo kukhoti kuti akulipileni, pamenepo lamulo linatseka, mwina ndi zomwe akusokonezazo. Lembani objection, dandaulo lokana chigamulo cha 10% cho, pa fomu ya W.G.29 ndipo ipite nthawi yoikika ndi lamulo isanathe kuwelengela tsiku la chigamulo, musagone nayo ayi. Nkhaniyo amaimva wapampando ndi ma assessor awili omuthandiza, wina woimila antchito wina woimila mabwana, zikakanika pamenepo mfundo zina zimatha kupita mpaka ku High Court.

10% yo ndi ya chala chimodzi chomwe chinadukacho, zala zoumazo mwina sanaziwelengele nkomwe. Ndiye musanathamangile loya bwelelani kwa dokotala alembe lipoti latsopano lonena kuti dzanjalo likupinda mpaka pati, chifukwa loya wopanda pepala la dokotala akakayankhula chani? Kusiyana kwake nkwakukulu, kulumala kukakhala 30% kutsika m'munsi amapeleka ndalama kamodzi basi, kupitilila 30% ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi.

Mayi a Tadala:
Ine ndimagwila ya m'nyumba ku Randburg, ifenso anatilowetsa mu lamuloli 2020 pa mlandu wa Mahlangu ku Constitutional Court. Mchimwene wanga musaope ndalama za loya, pitani ku Legal Aid kapena ku Wits Law Clinic ku Braamfontein, akaona kuti malipilo anu ndi ochepa amathandiza ulele. Mutenge pasipoti, ma payslip, kalata ija ndi mapepala onse akuchipatala, oyambilila musasiye kwa munthu, jambulitsani. Ndipo chonde chonde anyamata oima pageti aja omati tigawana theka la ndalama musawasainile kanthu.

Mnyamata wa ku Dedza:
Zikomo kwambili nonse, mtima wakhalako pansi. Kalatayi ndi ya mwezi watha ndiye nthawi ilipo. Lolemba ndipempha off ndikayambile kwa dokotala kenako Braamfontein. Nanga womasulila Chichewa ndikapemphe pa fomu pomwepo kapena loyayo ndi amene akakonze?