Za kukoka mafayilo kuchokera mu terminal zija zatheka

Sabata yatha ndinafunsa ngati pali njira yokokera fayilo kuchokera mu terminal (windo lolembamo malamulo a kompyuta) kupita pa browser. Kuno ku Chinamwali ndimasindikizira ana asukulu ntchito zawo pa kompyuta yakale ya Linux, ndipo kutsegula file manager nthawi iliyonse kumandidyera nthawi.

Zikomo achimwene amene munanditchulira kapulogalamu kotchedwa dragon. Ndinaika libgtk-3-dev (phukusi lofunika pomanga dragon), kenako ndinalemba lamulo loimangira la make, basi inatheka. Ukalemba dragon ndi dzina la fayilo, pamatuluka kawindo kakang'ono, n'kugwira fayiloyo ndi mouse kukaiponya mu Gmail kapena WhatsApp Web. Ndimawonjezera -x kuti kawindoko kadzitseke kokha ndikangoponya. Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi -t: umakoka fayilo kuchokera pa desktop, n'kuiponya pa kawindoko, ndipo pomwe fayiloyo ili pamalembedwa mu terminal.

Chenjerani pa dzina. Pulogalamu ya KDE (gulu lopanga mapulogalamu a Linux) yoonera mafilimu, Dragon Player, nayonso imayitanidwa ndi mawu oti dragon, n'chifukwa chake ena amaitcha yokokera mafayiloyi dragon-drop. Inenso ndaitcha choncho.

Dzulo ndi njira yomweyi ndinatumiza ma PDF a mtsikana wina wa ku Matawale magetsi asanazime.