Magiza 12 pa transifoma ya 50kVA, mwini loji akufuna EDGE

Wa ku Makawa: Akuluakulu, ndathedwa nzeru. Ndapeza ntchito yoika magetsi pa loji yatsopano kuno m'mbali mwa nyanja: tinyumba ta alendo 12, khitchini ndi bala. Pulani yoyamba inati kanyumba kalikonse kakhale ndi AC (makina oziziritsa m'chipinda) komanso giza ya malita 150 ya 3kW. Lero bwana wake wabwera ndi ina, akuti omubwereka ndalama akufuna satifiketi ya EDGE. Transifoma analipira kale, ya 50kVA. Ndiyambire pati?

Madala a pa Boma: Mwana wanga, za EDGE ziyambe zaima, tenga cholembera. Magiza 12 a 3kW ndi 36kW. Transifoma yakoyo ukaiwerengera mosamala ikupatsa cha m'ma 40kW basi. Madzulo alendo avuuka m'nyanja, onse kushawa nthawi imodzi, ma AC akulira, kukhitchini mafiriji ali ndi chambo. Udzadzutsidwa pakati pa usiku iwe. Pulaniyo inali yodwala kale.

Mayi a sola, Monkey Bay: Madala anena zoona, ndipo mankhwala a matenda awiriwa ndi amodzi. EDGE ndi muyezo wa IFC, nthambi ya World Bank. Amafuna nyumba ipulumutse 20% pa magetsi, 20% pa madzi, ndi 20% pa mpweya wa kaboni wotuluka popanga zipangizo zomangira, poyerekeza ndi nyumba wamba ya mtundu womwewo. Za madzi ndi za pulambala, za njerwa ndi za womanga. Gawo lanu achimwene ndi loyambalo. Pulogalamu yawo yowerengera ili pa intaneti, ndi yaulere, mumalowetsa zomwe mukufuna kuika n'kuona peresenti ikusuntha.

Yambani ndi magizawo. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa 25 kufika pa madigiri 60 kumadya mayunitsi 6. Tinyumba 12 ndi mayunitsi opitirira 70 tsiku lililonse loji ikadzaza. Dzuwa la Mangochi lomwe limatiwaula tonsefe mu Okutobala lingagwire ntchito imeneyo osalipidwa. Ikani magiza a sola, kaelementi kakang'ono kakhale kongothandizira pa timer masiku a mwera kukachita mitambo.

Mnyamata wa ku Namwera: Bwanji osangomwaza mapanelo padenga ndi mabatire a lithium, nkhani n'kutha? Ndalama ili pamenepo mabwana.

Mayi a sola, Monkey Bay: Ndalama ya ndani? Ndowa yobooka sumaithamangitsira ku mjigo, umayamba wamata. Chepetsani kaye katundu: AC za inverter, fani yapadenga m'chipinda chilichonse, mababu a LED, ndi switchi ya khadi ija yoti mlendo akatuluka AC izime yokha. Zikatero mapanelo ofunika amachepa, kotesheni imatsika, bwana amasayina osatuluka thukuta. Mabatire ndi a nthawi yothima magetsi. Tonse tikukumbukira 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, pafupifupi 130MW kuchoka pa gridi. Koma mabatirewo anyamule mafiriji, magetsi ounikira ndi pampu, osati giza.

Kena kakang'ono: panja ikani mababu ofiirira a 2700K. Oyera mbee aja amaitana tizilombo tonse ta kunyanja, mlendo n'kumadya nsima akuthamangitsa ntchentche za usiku.

Wa ku Makawa: Zikomo amayi. Nanga oyendera a EDGE amaona chiyani kwenikweni?

Mayi a sola, Monkey Bay: Mapepala. Amayang'ana kawiri, pa pulani ndi nyumba ikatha. Amafuna datasheet (pepala la wopanga lofotokoza mphamvu ndi kagwiridwe kake) ya chipangizo chilichonse, malisiti, ndi zithunzi zoonetsa kuti chomwe munalemba ndi chomwe chili pakhoma. Musalole bwana akagule yekha AC yotchipa yopanda pepala. Kujambula ndi kusunga mafayilo muike mtengo wake pa kotesheni, ndi ntchito imeneyo. Chiphaso chanu cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, chikhalenso chamoyo, ndipo ngati mulibe cha za sola, gwirizanani ndi amene ali nacho.

Madala a pa Boma: Ine za makompyutazo ndasiyira inu ana. Langa ndi la mchenga. Zaka zapitazo ndinakhoma ndodo imodzi ya earth, yotayira magetsi osokera m'nthaka, pa nyumba ina kunyanjako, m'dzinja, mchenga uli wonyowa, mita n'kuwerenga bwinobwino. Pofika chilimwe mchenga unauma gwa. Mvula yoyamba itabwera ndi ziphaliwali, inverter ya mwini wake, makina osintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba, inapsa, fungo la pulasitiki nyumba yonse. Ndinalipira ndekha, mayi akunyumba sanandiyankhule sabata yathunthu. Khoma ndodo zingapo, zolumikiza, zifike pa chinyezi, ndipo uyeze nthawi youma ino. Surge protector, yoteteza zipangizo magetsi akakwera mwadzidzidzi, pa bolodi lalikulu ndi kumbali ya mapanelo usaiwale. Tinyumba takutali uwerengere voltage drop, kufooka kwa magetsi pa waya wautali, usaumire pa waya.

Mnyamata wa ku Namwera: Madala, sabata imodzi yokha? Anakukhululukirani msanga.

Madala a pa Boma: Iwe, ukakwatira udzandiuza.

Wa ku Makawa: Ndawerengeranso. Magiza a magetsi akachoka, 50kVA ija ikukwana ndi malo otsala. Ndaikaponso mita yaing'ono ya khitchini payokha, ndi mgwirizano wa chaka wotsuka mapanelo ndi kuyeza earth. Amayi, Lachinayi mungadutse kuno tidzaone denga? Ndi laudzu, ndiye magiza ndikuganiza tiwamangire nsanja pansi.

Mayi a sola, Monkey Bay: Ndifika cha m'ma 9. Nsanjayo tidzaitchinge ndi waya wa sefa, anyani a kumeneko amaswa machubu a magiza a sola.