Kodi ndingapite ndekha ku Chizumulu ndi chikwama chakumsana?

NaPhiri, Lilongwe

Moni nonse. Ndili ndi tchuthi cha masabata awiri mwezi wa July, ndipo ndikufuna kupita kunyanja ndekha, ndi chikwama chakumsana basi. Ku Senga Bay ndi ku Cape Maclear ndinafikako kale, koma kumapeto kwa sabata kumadzaza anthu ndi nyimbo zaphokoso, pamene ine ndikulakalaka malo oti ndikagone ndikumva mafunde okha. Ndamva kuti chilumba cha Chizumulu ndi chabata kwambiri. Amene munafikako, ndiuzeniko za mayendedwe, za ndalama, komanso ngati munthu wamkazi angakhaleko yekha mosadandaula.

Mwale, Mzuzu

Achemwali, mwasankha bwino, koma mwezi umene mwatchulawo ukundidetsa nkhawa. July ndi nthawi ya mwera, mphepo yakummwera imene imawindula nyanja mpaka asodzi kukokera mabwato awo kumtunda, ndipo Chizumulu chili pakati penipeni pa madzi, kufupi ndi gombe la Mozambique kusiyana ndi la kwathu kuno. Ngati mungathe, sunthirani tchuthi chanucho ku September kapena October, pamene nyanja imakhala yodekha ngakhale kuti kumatentha.

Ine ndinakwera Ilala pa Nkhata Bay usiku. Sitimayi ndi yakale ndithu, inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, ndipo imazungulira kamodzi pa sabata kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba ndi kubwereranso, zimene zikutanthauza kuti mukaiphonya mudzadikira masiku angapo, pokhapokha mutapeza boti lina lopita ku Likoma kapena kumtunda. Tinafika ku Chizumulu kuli mdima wandiweyani. Sitima inaima pakuya, ndipo tinatsikira m'boti laling'ono pamodzi ndi matumba a ufa, malata, makatoni a sopo ndi mayi wina amene anabereka khanda kumbuyo atasenza ndowa pamutu. Titayandikira gombe tinauzidwa kuti tidumphire m'madzi, ndipo madziwo anandifika m'ntchafu. Foni yanga inapulumuka chifukwa ndinali nditaikulunga m'jumbo, koma buku limene linali pansi pa chikwama linanyowa lonse. Choncho kulungani zonse m'majumbo, ikani tochi pafupi, ndipo valani nsapato zoti zikanyowa musadandaule.

Ndalama tengerani ku Mzuzu kapena ku Nkhata Bay, zokwanira ndi zapadera za masiku atatu, ndipo zikhale zing'onozing'ono chifukwa chenji imavuta m'maokala. Musapangane ndi abwana anu kuti mudzakhala pa ntchito m'mawa wa tsiku lotsatira ulendo wobwerera.

NyaChirwa, Blantyre

Mwana wanga, ine ndinakulira pachilumbacho ndipo ndimapitako chaka ndi chaka, kotero ndiloleni ndikonzeko pang'ono ganizo lanu la bata. Kulibe galimoto zosokosa ndipo mungazungulire chilumba chonse wapansi m'maola ochepa, mukudutsa pansi pa milambe ndi m'minda ya chinangwa yokwera m'mapiri, koma gombe limene inu mukuliona ngati malo opumulirapo ndi malo antchito a eni mudzi. Usiku mudzaona nyali za asodzi zitandanda panyanja ngati mzinda wina, ndipo kusanache mudzadzutsidwa ndi mawu a anthu akuitanizana mitengo ya usipa, amayi akuyanika nsomba pa thandala, ana akutsuka mbale ndi mchenga. Kwa ine bata lake ndi limeneli, ndipo ndimalisowa kwambiri ndikakhala kuno ku Ndirande.

Za kukhala nokha musaope, pakuti pachilumba aliyense amadziwa mnzake, ndipo pofika tsiku lachiwiri adzakhala atadziwa kale kumene mukugona. Chimene ndikupemphani ndi ulemu. Chitenje chisachoke m'chikwama, ndipo mukachoka pamalo ogona alendo kulowa m'mudzi muchimange. Funsani amayi kuti akusonyezeni doko limene akazi amasambira, chifukwa amuna ali ndi kwawo, ndipo kudutsa pamenepo mosaodira ndi chipongwe chachikulu. Musajambule anthu akusamba kapena akuchapa musanawapemphe. Zimandipweteka mtima ndikaona alendo, ngakhale Amalawi anzathu, akuloza kamera kwa agogo amene akusenda chinangwa ngati kuti akujambula mwala.

Anthu ambiri kumeneko amayankhula Chitonga, koma Chichewa chanucho adzachimva. Mukawapatsa moni wakuti "Mwe uli?" mudzaona nkhope zikuwala. Akakuikirani kondowole ndi utaka wowotcha musachite manyazi. Nsima ya chinangwa imamata m'manja, ndiye nyowetsani zala musanateme mbamu. Mukakhala ndi masiku otsala, wolokerani ku Likoma mukaone tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903, ndipo mukalowe Lamlungu nthawi ya mapemphero kuti mukamve mmene kwaya imamvekera m'kati mwa makoma amiyala aja.

Gondwe, Nkhotakota

Ine ndimagwira ntchito zachipatala, ndipo ndingowonjezerapo ziwiri. Tengani neti yanu ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, chifukwa malungo akakugwirani pachilumba nyanja itawinduka, ulendo wopita kuchipatala chachikulu umakhala wovuta. Chachiwiri ndi likodzo: tizilombo take timachokera ku nkhono za m'madzi ndipo timalowa pakhungu, makamaka pamadzi osaya, odekha, a bango ndi udzu, pafupi ndi pamene anthu amachapira. Sambirani pamiyala pamene mafunde amamenya. Mukabwerako, dikirani masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, kenako mukayezetse ngakhale musakumva kanthu m'thupi. Mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu.

NaPhiri, Lilongwe

Zikomo kwambiri nonse. Ndayankhula ndi akuntchito ndipo avomera kuti tchuthi chiyambe sabata yachitatu ya September. Amayi NyaChirwa, chitenje ndatenga ziwiri. Ndikufunseninso chimodzi: ngati banja lina litandiitanira chakudya, kodi ndi bwino kupita ndi shuga ndi sopo kuchokera ku Nkhata Bay, kapena ndikagule pa okala ya pachilumba pomwepo kuti ndalamayo itsale kumeneko?