Aneba amanga mpanda, madzi a mvula akuthera m'nyumba mwanga. Ndiyambire pati?

Amake Tiyanjane:
Abale a pagulu pano ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Mchini mu Chipata, chakumtunda komwe madzi amatsika kuchokera kuphiri. Aneba a kumunsi kwanga anamanga mpanda wa mabuloko mu Okutobala, n'kutseka kanjira komwe madzi ankadutsa kupita ku ngalande ya kumsewu. Tsopano mvula ikagwa madzi amaima pakhoma lawolo, kubwerera pabwalo panga mpaka kulowa m'khitchini. Nyumba yanga ndi ya njerwa zowotcha koma zomangira dothi, ndipo m'munsimu mwayamba kufewa. Chimbudzi chokumba chilinso chakomweko. Nditawadandaulira anangoti ploti ndi yawo, mvula sagwetsa ndi iwo. Mlamu wanga akuti tingoboola khomalo usiku. Ndipite kupolisi, kukhonsolo, kapena kukhoti?

A Tembo, mmisiri womanga:
Amayi, musanapite kulikonse dziwani kaye kuchuluka kwa madziwo ndi komwe akuchokera, chifukwa aneba adzanena kuti ambiri ndi a padenga lanu, ndipo mwina sadzanama. Mvula ya milimita 1 ikagwera pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, ndi lita imodzi. Denga la mamita 8 ndi 10 likalandira mvula ya mamilimita 30 limataya malita 2,400, madiramu 12. Ikani magata, mulondolere madziwo kumbali ina kapena m'thanki. Mukatero mwachotsa podzikanira pawo.

Chachiwiri, mukamakamba nawo musayambe ndi khitchini yanu. Yambani ndi khoma lawo. Madzi akaima masentimita 50 kuseri kwa khoma, mita iliyonse ya khomalo imakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi makilo 125, uku dothi la pansi pa maziko likufewa. Mabuloko a mainchi 6 opanda zipilala za konkire sapirira zimenezo nyengo zambiri. Limayamba ndi mng'alu wotsata majoini, kenako kupendekera, ndipo likamagwa ligwera kwa iwo. Munthu amene wangowononga ndalama pa simenti mawu amenewa amawamva msanga kuposa dandaulo.

Kakonzedwe kake sikovuta. Pezani malo otsika kwambiri m'mbali mwa khomalo. Maso amanama, tengani payipi yoonekera mkati ya mamita 10, muthire madzi, muyeze nayo. Pamalopo pachotsedwe buloko imodzi kapena ziwiri za mzere wapansi, pamwamba paikidwe lintala ya konkire yokhala ndi zitsulo ziwiri za Y12 (zonenepa mamilimita 12). Pabowopo muimike zitsulo motalikirana masentimita 8 kapena 10, agalu asamadutse. Ambiri amangolowetsa payipi imodzi ya mamilimita 110 n'kumati zatha. Mvula yoyamba yomweyo imatsekeka ndi mapulasitiki ndi mchenga wa kuphiri.

Koma bowo lokha lingosamutsira chigumula pabwalo pa aneba, n'chifukwa chake amakana. Pafunika ngalande yotsata m'mphepete mwa ploti yawo mpaka kumsewu, masentimita 30 mulifupi, 30 kuya, yotsika masentimita 1 kapena 2 pa mita iliyonse. Pansi pake konkire: thumba limodzi la simenti, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje, mawilibala awiri a miyala. Thumba limodzi limayala pafupifupi mamita 4 mukathira masentimita 7 kapena 8 kuchindikala. M'mbali njerwa zopaka pulasitala. Kumbali kwanu, bowo lisanafike, kumbani kadzenje kogwira mchenga, kozama masentimita 40 kuposa ngalande, muzikapala mvula ikakata.

Chikondi J.:
Zonsezo ndi ndalama. Anatseka ndi iwo, atsegule okha. Ine ndili kumbali ya mlamu, hamala imodzi basi nkhani yatha.

NaPhiri wa ku Kapata:
A Chikondi, hamala imeneyo ndi imene idzagoneke mayiwa m'selo. Kuboola khoma la mwini popanda chilolezo ndi mlandu wowononga katundu mwadala, ndipo apolisi pamenepo amabwera msanga. Nkhani ya madzi idzaiwalika, padzatsala ya khoma.

Amake Tiyanjane, kupolisi musapite pokhapokha wina waopseza kapena kumenya mnzake. Apolisi sagamula za malire kapena za ngalande. Yambani ndi umboni. Mvula ikamagwa jambulani vidiyo yoonetsa madzi akuima pakhoma, lembani tsiku, ndipo chongani ndi choko pomwe madzi afika pakhoma la nyumba yanu. Katundu woonongeka mujambuleni asanatayidwe.

Kenako mukaonane nawo kachiwiri, tsiku lopanda mvula, muli ndi wamkulu mmodzi amene nonse mumamulemekeza, kaya mkulu wa mpingo kaya atcheyamani a m'dera. Musatenge gulu la achibale, ndipo musatume ana. Mukambe ndi mwini ploti weniweni. Ngati okhalamo ndi alendi, alibe mphamvu yolola kuti khoma libooledwe.

Mukagwirizana, lembani. Pepala limodzi lokwana: bowo likhala pati, ngalande idutsa pati, simenti agula ndani, mmisiri alipira ndani, ntchito itha tsiku liti, ndipo adzakapala mchenga ndani. Chomalizachi ndi chimene chimaukitsa mkangano chaka chamawa anthu akachiiwala. Musaine nonse ndi mboni ziwiri, aliyense atenge kope lake. Kunena zoona, kulolera kugula matumba awiri kapena atatu a simenti n'kotchipa kuposa kuyendera mlandu mpaka Epulo nyumba ikumwa madzi.

Akakana, lembani kalata ku Chipata City Council, makope awiri, lina alidinde mubwere nalo. Pansi pa lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015, khonsolo ndiyo imayang'anira zomangamanga mumzinda, ndipo mpanda wa mabuloko nawonso umafuna chilolezo. Pemphani kuti a mapulani ndi a uinjiniya adzaone malowo. Mudziwitsenso akhansala a wadi yanu.

A Mbewe, a zaumoyo:
Ndionjezere pa kalatayo. Mutchulemo chimbudzi ndi madzi oima, ndipo kope lina lipite ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo. Lamulo la Public Health Act limawerengera madzi oima oswetsa udzudzu ndi zonyansa zosefukira ngati chosautsa anthu, ndipo woyendera zaumoyo ali ndi mphamvu yolembera woyambitsa vutolo notisi ya masiku oti akonze. Dziwani kuti akabwera adzaonanso chimbudzi chanu, choncho chikonzeni asanafike.

Zochita sabata ino, osadikira aneba: unjikani dothi lotsendera mozungulira chimbudzi, lokwera masentimita 30, madzi azichilambalala. Madzi akalowa m'dzenje losamangira njerwa, m'mbali mumagumuka ndipo silabu imatitimira ndi munthu pamwamba. Ana asalowemo mvula ikangokata musanaone ngati pali ming'alu. Ngati pafupi pali chitsime, chimbudzi chimayenera kutalikira mamita osachepera 30 ndi kukhala kumunsi kwa chitsimecho. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini, mudikire mphindi 30 musanamwe. Kolera imayenda m'madzi oterewa.

Bambo Sakala:
Bwanji osangokumba dzenje lodzaza miyala pabwalo panu, madzi azimwerera pansi?

A Tembo, mmisiri womanga:
A Sakala, dzenje lotero limathandiza pa madzi a denga limodzi, osati otsika kuphiri. Ndipo liyesedwe kaye: kumbani kadzenje ka masentimita 50, mudzaze madzi madzulo. Akapezeka m'mawa, dothilo silimwa, musataye mphamvu. Likamwa, dzenjelo litalikire nyumba mamita 5, apo ayi mukunyowetsa maziko anu omwe. Nyumba yomangira dothi imafunanso khonde la konkire lozungulira, masentimita 60 mulifupi, lopendekera kunja.

Amake Tiyanjane:
Zikomo kwambiri nonse. Za hamala ndamuletsa mlamu. Koma china: iwo akuti kanjirako kali mkati mwa ploti yawo, pomwe akale a kuno akuti kanasiyidwa dala pakati pa maploti. Ine ndili ndi pepala la khonsolo lokha, taitolo ndilibe.

NaPhiri wa ku Kapata:
Apo nkhani zakhala ziwiri, ndipo muzisiyanitse. Ya madzi ikonzedwe tsopano, ya malire iyende payokha. M'pepala la mgwirizano muikemo mzere wonena kuti kulola ngalande sikutanthauza kuti wina wavomera malire. Popanda mzere umenewu aneba adzaopa kusaina.

Ngati pepala lanulo ndi occupancy licence, chilolezo chokhala pamalopo cha zaka 30, tengani nambala ya ploti mupite nayo ku ofesi ya mapulani, mupemphe kuona mapu a deralo. Kanjira kakaoneka pamapupo ndiye kuti si ka munthu aliyense, ndipo wouza aneba kuti atsegule ndi khonsolo, osati inu. Ngati iwo ali ndi taitolo, ili ndi chojambula chake cha malire, ndipo woonetsa mabikoni (zizindikiro za malire) ndi saveya wovomerezeka. Bikoni musaizule kapena kuisuntha ngakhale mukuona kuti yalowa kwanu, umenewo ndi mlandu paokha. Mawu a akale ndi othandiza, alembeni mayina awo avomere kudzaima ngati mboni.

Za khoti: ku Local Court mungapemphe chipukuta misozi pa katundu woonongeka, ndipo kumeneko simufunika loya. Mkangano wa malo a taitolo sukambidwa kumeneko, umapita ku High Court kapena ku Lands Tribunal, bwalo la milandu ya malo. Musanalipire samani iliyonse, pitani ku Legal Aid Board, ofesi ya boma yothandiza anthu pa za malamulo, muno mu Chipata ndi pepala lanu, kalata yodindidwa ija ndi mavidiyo, akuuzeni khoti loyenera mlandu wanu.